Mfumukazi Imene Bambo Sakanadya

21 Ogasiti

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino, iwe, Amayi, Bambo, ndi alamu anga a Zonsendidziwa. Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha sikunathe, ndipo zikepe zikatenthedwa zimanyanyala. Lachiwiri ndinatulutsa agogo ena amene anatsekeredwa m'chikepe pakati pa nsanja yachinayi ndi yachisanu, atanyamula mphaka m'basiketi. Kuthokoza ayi. Anangoti ndachedwa.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi ine ndi Bambo tikusewera chesi pa kalata, kusuntha kamodzi pa envelopu iliyonse, ndipo zaka zonsezi adiresi amalemba okha ndi cholembera chawo cha inki yobiriwira chija. Munthu amene anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu salola wina amulembere envelopu. Nanga bwanji kalata yapitayi yabwera ndi dzanja lako? Usandiuze kuti inki yatha. Bambo akhoza kusowa sopo, koma inki ayi.

Ukudziwa kuti ine ndi Bambo sitimatha kucheza. Tikakhala pamodzi timangoyang'ana khoma, pafoni ndiye makutu awo aja. Chesi ndiye moni wathu, ndiye nkhani zathu zonse. Ndikaona mmene asunthira ndimadziwa ngati ali bwino kapena wina wawaputa. Ndiye chonde usamasewere nazo zimenezi.

Za tchuthi chakumapeto kwa chaka musandiwerengere. Ine ndi anzanga akuntchito tapangana zokakwera mapiri, nsapato zake ndagula kale. Ndikudziwa kuti chikhala chaka chachitatu osaponda pakhomopo, usachite kundikumbutsa.

Uwauze Bambo kuti kavalo wanga apite pa f6.

Ndine mchimwene wako.

2 Sepitembala

Achimwene,

Moni wa kuno. Kodi zikepe mwasiya, mwayamba upolisi? Bambo anadzicheka podulira maluwa akumpanda, chala chogwirira cholembera chenichenicho, ndiye ndinawalembera ine. Nkhani yake ndi yomweyo, palibe china.

Sukulu tatsegula Lolemba. Andipatsa kalasi ya ana olongolola, pofika masana mutu umakhala ukulira. Amayi akutchola tomato wotsiriza kudimba kuseri kwa nyumba, akuti chaka chino dzuwa lawalanga. Ayambanso kuluka, ndipo akufunsa ngati mwanenepa kapena juzi aluke ya muyeso wakale womwe uja. Alamu anu, amene mumawatcha dzina lija ngati alibe makutu, Loweruka lililonse ali kudamu ndi mbedza. Amabwera ndi nkhani zikuluzikulu ndi tinsomba tating'onoting'ono.

Tasamukira kuno kwa makolo kwa kanthawi, chifukwa kwathu akukonza denga.

Zamapirizo Amayi amva. Anangopitiriza kuluka. Inu mumawadziwa akatero.

Bolodi ya chesi ikadali pamalo pake, pakatebulo ka pawindo. Bambo akuti msilikali wawo apite pa g4.

Ndine mlongo wanu.

15 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni nonse. Ndamva za chala. Koma chala chanji chosapola mwezi wathunthu? Nanga denga lanji limene mukukonza, poti nyumba yanuyo mwaimanga dzanadzanali?

Msilikali pa g4! Ndinavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Bambo athu amasewera ngati munthu wowoloka msewu atanyamula mazira. Asilikali a kutsogolo kwa mfumu sawasuntha ngakhale uwachonderere. Wasuntha apayu ndi munthu wolusa, wofuna magazi. Choipa kwambiri n'chakuti wasuntha bwino, moti ndakhala masiku awiri ndikukanda mutu pa nthawi yopuma, anzanga mpaka kundifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Lamlungu ndinaimba foni, unati Bambo agona. Lamlungu linalo unati ali kubafa. Kale ankangokuwa kuti “Ndani?” kenako n'kukupatsira foniyo, koma mawu awo ndinkawamva. Pano ngakhale kutsokomola kwawo sindikukumva.

Ndifunse mosapsatira. Kodi alamu akumakhala pafupi ndi bolodiyo? Munthu amene pa ukwati wanu anandikhazika pansi n'kundifotokozera mmene chikepe chimayendera, chikhalirecho ntchito yake ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, sangalephere kuwauza Bambo kaseweredwe ka chesi. Ndipo kanthawi kameneka n'kotalika bwanji? M'chipinda changa mukugona ndani?

Uwauze Amayi kuti sindinanenepe. Bishopu wanga apite pa e7.

Mchimwene wako.

29 Sepitembala

Achimwene,

Tili bwino. M'chipinda chanu mukugona masutikesi anu ndi fumbi, palibe wakhudza kanthu. Alamu anu alibe nayo ntchito nyumba ya makolo anu, ngati ndi kumene mukulowera. Munthu amene watha zaka osabwera asamawerenge zipinda pa kalata.

Masamba ayamba kugwa, m'mawa kukuzizira. Ine ndatopa, ndipo makope oti ndichonge andidikirira patebulo. Mukafuna kumva kutsokomola kwa Bambo, sitima imanyamuka kwanuko tsiku lililonse.

Kavalo apite pa e5.

Mlongo wanu.

11 Okutobala

Mlongo wanga,

Pepa ngati ndinakulasa. Tizisiye zimenezo.

Kuno kwazizira msanga chaka chino. Loweruka tinakayeserera kukwera kaphiri kena kunja kwa tauni, zikwama kumsana. Mnzathu wina wa mimba yaikulu, amene amadzitama kuti anali wothamanga ali mnyamata, anakhala pamwala pakati pa njira n'kunena kuti iye aziyang'anira katundu. Nsapato zatsopano zija zandichita matuza zidendene zonse ziwiri, koma akuti zikazolowera phazi zimasiya. Malo ogona kumapiriko tasungitsa kale, tinyamuka pa 23 Disembala.

Kuntchito zili momwemo. Nyumba ina yakale ili ndi chikepe chimene chimaima pansanja yachitatu popanda wochiitana, chitseko n'kutseguka, mulibe munthu. Okhala m'menemo ayamba kunong'onezana zamizimu. Ndinapeza kuti ndi kawaya kamodzi kolekera.

Tsopano umve bwino. Mfumukazi yanga ipite pa d7. Ndalemba d7, sindinaphonye. Kalatayi uwapatse Bambo m'manja, aione okha ndi maso awo.

Moni kwa Amayi.

Mchimwene wako.

24 Okutobala

Achimwene,

Zikomo polemba ngati munthu ulendo uno. Matuzawo muzipaka mafuta, musawaboole.

Kuno mvula yozizira yagwa masiku atatu osakata, zovala tikuyanika m'khonde ndi pamipando. Juzi yanu yatsala mkono umodzi, ndi yotuwa, yokhala ndi mzere wofiira pakhosi. Ndinawauza Amayi kuti mzerewo simuukonda, anati mukafuna kudandaula mudzadandaule pamaso pawo. Pageti taika loko watsopano, kiyi akusunga Amayi. Alamu anu agwira nsomba yooneka ndi maso koyamba chaka chino, moti tonse tamva mbiri yake kanayi.

Kalata yanu inakhala pabolodi masiku atatu isanayankhidwe. Yankho ndi ili: kavalo wadya mfumukazi yanu pa d7. Akuti pepani.

Mlongo wanu.

5 Novembala

Mlongo wanga,

Ndakugwirani.

Mfumukazi ija ndinaiika dala pakamwa pa kavalo. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikasuntha mopusa, Bambo sanandidyerepo kanthu. Ankati iwo sadya chogwa pansi. Pa makalata zachitika kanayi, ndipo kanayi konse anandibwezera kalata yanga yomwe atalemba mawu amodzi pansi pake: “Ganizanso.” Makalatawo ndili nawo m'bokosi. Bambo sakanadya mfumukazi imeneyo, ndipo chibadwire changa sindinawamvepo akunena kuti pepani pa chesi.

Ndiye miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikusewera ndi ndani? Ndakhala ndikukanda mutu, kunyada kuti Bambo akadali akuthwa, pomwe inu mukundiphimba m'maso. Ndapsa mtima, sindikubisa. Awuze alamu kuti asewera bwino, ndawaombera m'manja.

Koma zachesi zichepe. Bambo ali kuti? Chala chosapola, denga losadontha, foni imene safika nayo pafupi, tsopano loko pageti. Lokoyo mukutsekera ndani, wakunja kapena wam'kati? Maganizo anga afika poipa. Kodi munawapititsa kosungira okalamba kuti nyumba ikukwanireni? Amayi avomera zimenezi, kapena nawonso mwawatseka pakamwa?

Sindisunthanso kanthu mpaka ndione dzanja la Bambo papepala. Ndipo ngati masewerawa mumati mundikokere nawo kumeneko, mwalemba m'madzi. Kumapiri ndikupita.

Mchimwene wako.

17 Novembala

Alamu,

Ndine uja mumamutcha Zonsendidziwa. Dzinalo ndinalimva kalekale, sindidandaula nalo, mwina ndinaliputa ndekha pa ukwati paja.

Mlongo wanu walira Lamlungu lonse, akuti sakulemberaninso. Ndiye ndati ndilembe ine, ngakhale kulemba si ntchito yanga.

Chesi sindiidziwa, alamu. Pa tizidole tonse tija ndimazindikirapo kavalo yekha, chifukwa ali ndi makutu. Denga lathu lilibe vuto, limenelo linali bodza, ndavomera. Nyumba yathu ili yotseka, ndimapitako Lachitatu kukathirira maluwa. Bambo ali pakhomo pano, pampando wawo, palibe wawapititsa kulikonse. Kudamu ndimapita nawo limodzi, ndine amene ndimawaveka chipewa.

Zina sindinganene, ndinalumbira pamaso pa apongozi anga. Koma anthu amene ndimawaphunzitsa galimoto ndimawauza kuti wakutsogolo akaponda mabuleki mwadzidzidzi, usathamangire hutala, yamba waona chimene iye waona.

Lemberani Amayi. Kapena adikireni, ndawaona akufunafuna pepala.

Ndine mlamu wanu.

28 Novembala

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, upirire nalo dzanja langali.

Amene anadya mfumukazi yako ndine. Mlongo wako ndi mwamuna wake uwachotsemo.

Bambo ako anayamba kuiwala chaka chatha. Poyamba anali makiyi, kenako ketulo pamoto, ife n'kumaseka kuti ndi ukalamba. Mu Julaye anadzuka m'mawa, kuvala jekete yawo yakale ya ku positi, n'kutuluka. Tinawafuna mpaka masana. Alamu ako ndi amene anawapeza pokwerera basi, atanyamula makalata ako onse m'chikwama, akugawira anthu odutsa mmodzimmodzi. Ena anatibwezera, ena anapita nawo. N'chifukwa chake anawa anasamukira kuno, n'chifukwa chake pageti pali loko. Adokotala akuti matendawa sabwerera m'mbuyo.

Sabata yomweyo kalata yako inafika. Anakhala pabolodi nthawi yaitali, kenako ananyamula kavalo n'kundifunsa kuti, “Kodi aka kamayenda bwanji?” Atazindikira chimene afunsa analira, mwana wanga, bambo ako amene sanalire ngakhale pamaliro a mayi awo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwanayo asadziwe. Akadziwa asiya kundilembera zachesi, ayamba kundilembera zachisoni.” Ndinalonjeza. Enawa ndinawalumbiritsa ndine.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikupukuta fumbi pabolodi ija, kubweretsa tiyi, kuimirira kumbuyo kwanu. Palibe anandifunsapo ngati ndimatha. Ndimatha, ndipo waona wekha.

Usaganize kuti unandikola. Msampha wako ndinauona tsiku lomwelo, za “Ganizanso” ndikuzidziwa, inki yake ndinkagula ndine. Ndinakhala masiku atatu cholembera chili m'manja. Koma kulemba mawu amenewo kukanakhala kuwabera bambo ako chinthu chawo chomaliza. Ndinalonjeza kuti sindikuuza, sindinalonjeze kuti ndizisewera ngati iwo. Ndinadya kuti udziwe. Komanso ndisaname, inakoma.

Ndinalakwa, mwana wanga. Ndinkati ndikukusungira mtendere, pomwe ndikukudyera masiku. Mu Ogasiti ankakutchula tsiku lililonse, akanakuona akanakudziwa. Pano mlongo wako amamutcha “aphunzitsi”, ine masiku ena ndine “mayi a m'nyumba muno”. Chimene sanaiwale ndi makalata ako. Akaona envelopu amayang'ana sitampa, kuyang'ana chidindo, kenako nkhope yonse imawala, amati mwana wanga walemba. Masabata atatu tsopano sunalembe, ndipo m'mawa uliwonse amaima pawindo.

Mapiri sathawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ukabwera upepese kwa alamu ako, munthu ameneyu wasambitsa bambo ako kuyambira Julaye.

Ndine mayi ako.

8 Disembala

Amayi,

Ndikubwera. Kalata yanu ndinaiwerengera m'kachipinda ka makina pamwamba pa nyumba ina, ndipo ndinakhala momwemo mpaka mlonda anakwera kudzaona ngati ndagwa.

Abwana akuti sangandimasule lisanafike tsiku la 22, chifukwa enawo anatenga kale tchuthi. Ndachonderera, zakanika. Nsapato zamapiri ndamupatsa mnzanga.

Mlongo wanga ndi alamu, ndikudziwa kuti muwerenga nawo. Ndachita manyazi osaneneka. Ndinakutchani akuba pomwe inu mumasenza katundu wanga. Ndikafika mupite kwa makolo a alamu mukapume, pakhomo nditsala ine.

Bambo muwaonetse envelopuyi. Muwauze kuti ndalemba.

Mwana wanu.

27 Disembala

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira munafika bwino kwa apongozi ako ndipo ukugona mpaka dzuwa kukwera. Pepa kuti tinasemphana. Sitima inaima maola asanu pakati pa njira chifukwa cha chisanu panjanji, ndinafika inu mutanyamuka kale. Lero ndine amene ndikulemba nkhani zapakhomo, iwe uli kutali. Zinthu zimatembenuka.

Amayi ananditsegulira geti, kundigwira masaya, n'kunena kuti ndinanama, ndanenepa. Juzi yandithina pang'ono m'khwapa koma sindikuivula.

Bambo ndinawapeza pampando wa pawindo. Aonda, iwe, bwanji sunandiuze? Ayi, usayankhe, ndikudziwa. Atandiona anaimirira, kukonza kolala, kundipatsa dzanja mwaulemu wonse.

“Takulandirani, bambo. Mwabwera kudzawerenga mita?”

Amayi anati, “Uyu ndi mwana wanu, wabwera kudzakuonani.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka. “Mwana wanga ali kutali, amalemba makalata. Uyu ali ndi imvi.”

Ndinatuluka, ndinakaima kudimba pakati pa mitengo youma ya tomato. Ndinalira ngati mwana.

Ndinkati mawa lake zisintha, koma zaipiraipira. Sakundikhulupirira ngakhale pang'ono. Ndikalowa kukhitchini amanditsatira, ndikatsegula kabati amafunsa chimene ndikufuna. Tsiku lachiwiri ndinalakwitsa, ndinaima pabolodi n'kumaiyang'ana. Pofika masana tizidole tonse tinali m'matumba a jekete yawo, ndipo jeketeyo sakuivula ngakhale pa chakudya. Makalata anga otsala aja awabisa pansi pa pilo. Dzulo ndinawamva akunong'oneza Amayi, kunong'ona kwawo kuja komveka mpaka kumsewu: “Mlendoyu mumuyang'anire. Maso ake ali pa zinthu za mwana wanga.”

Tiyi ndikapanga ine sakumwa. Mankhwala ndikapereka ine amafumbata, kenako amaponya kuseri kwa mpando. Ndevu zakula chifukwa alamu kulibe, koma nditangotulutsa lezala anakuwa mpaka Amayi anathamanga ndi thovu m'manja. Kusamba ndiye nkhondo, ndipo Amayi okha sangathe kuwadzutsa m'bafa. Ndinabwera kudzathandiza, koma ndasanduka ntchito ina ya Amayi. Ine ndinakukayikirani miyezi itatu. Pano ndakayikiridwa masiku anayi okha, ndatheratu.

Ndaimbira abwana, andiwonjezera masiku mpaka kumapeto kwa Januwale, ndiye musathamangire kubwerera. Koma ndikupempha kanthu kamodzi. M'envelopu muno muli ina yaing'ono, adiresi ndalemba kale ndi dzanja langa. Ukaiponye ku positi kumeneko tsiku lomwe uilandire. Ndikawapatsa pamanja sailandira, ndikaiponya kuno aona chidindo, umawadziwa. Iyenera kuchokera kutali.

Moni kwa alamu. Uwafunse kuti chipewa amawaveka bwanji osakana.

Mchimwene wako.

27 Disembala

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine ndili bwino. Pepani kuti ndinakhalitsa osalemba, kulakwa kunali kwanga.

Ndamva kuti pakhomopo pafika mlendo wa imvi, wovala juzi yotuwa. Musamuope. Ndamutuma ndine. Ndimamudziwa bwino, si wakuba, ndipo zinthu zanga zonse ndamulola kuzigwira.

Akapanga tiyi imwani, amathira supuni imodzi ya shuga monga mumakondera. Akakupatsani mankhwala landirani. Muloleni akumeteni ndevu, dzanja lake silinjenjemera, ndi munthu wozolowera ntchito zosamala. Mukafuna kukhala pawindo, mupatseni mpando winawo.

Mukaona akukuyang'anitsitsani, musamuthamangitse. Nayenso ali ndi bambo ake, amawakonda kwambiri, kungoti sanawauzepo.

Ndine mwana wanu.